Zala za Azakhali pa Phewa la Pempho

Lamulungu, 29 Sepitembala

Alengeza ukwati kutchalitchi komaliza. Pempho ndi Mwavi, Loweruka pa 19 Okutobala. Palibe waimirira kuti aletse, ngakhale ine mlongo wake, amene ndikutaya munthu yekhayo pamudzi pano woseka nthabwala zanga asanazimvetse.

Kutentha. Fumbi mpaka m'mano.

Titadya, azakhali a Anesi abwera ndi nkhani, mozungulira ngati njira ya ng'ombe. Mutu wake: Pempho akufuna mafuta anga a mandimu. Mwini wake sangandipemphe. Mtsikana sakamba za khungu lake ndi mlongo wake wamwamuna. Zotere zimadzera kwa azakhali, ndipo yankho limabwerera njira yomweyo.

Chifukwa chake ndachimva lero. Pa chinkhoswe paja, amayi a Mwavi, a Lusiya a ku Lilongwe, atamukumbatira Pempho anatembenukira kwa mnzawo, monong'ona koma osati kwenikweni: "Mwana wabwino, waulemu. Koma fungo la chigafa." Pempho anamva. Chiyambire tsikulo amasamba ngati akuchotsa tchimo.

Fungo la chigafa cha fodya ndi limene linandipititsa ku koleji. Lili m'mabulangete mwathu, m'Baibulo la Ababa, ngakhale mu shuga. Ife sitilimvanso. Amalimva alendo.

Mabotolo ndili nawo awiri, onse a mu Juni, a mandimu aang'ono obiriwira a mitengo imene Amayi anadzala kudambo asanatisiye. Loyamba, mafuta ofinya: kupala makoko, kufinyira m'nsalu, kudikira kuti mafuta ayandame. Fungo lake ngati wangothyola ndimu pamtengo. Lachiwiri, mafuta otcheza, pa ketulo ndi paipi yanga ija imene anthu onse kuno ku Wimbe amakhulupirira kuti aphunzitsi a sayansi amaphikira kachasu. Otchezawa fungo n'lofooka, koma pakhungu ndi ofatsa. Ofinya aja ndi okoma kumphuno, oipa mtima: ukadzola n'kupita padzuwa, khungu limapsa.

Ndamuuza Pempho kuti zatheka. Kudzera kwa azakhali.

Lachitatu, 2 Okutobala

Nditaweruka, kugolosale kwa a Uthman. Amandigulitsira timabotolo ta mafuta onunkhira osakaniza ndi phula la njuchi. Alibe mowa m'kati, choncho anthu awo amadzola popita ku mzikiti Lachisanu. Tagulidwa tochepa. Ndalama yake ya sopo ndi mayunitsi.

Dandaulo lawo ndi lomwe lija. "Aphunzitsi, fungo lanuli ndi laulemu kwambiri. Limapereka moni n'kutsanzika pomwepo."

Sakunama. Ndimu silikhalitsa. Limafika patsogolo, kukuwa, kuthawa. Pamafunika fungo lina lolemera pansi pake, loligwira mwendo. Ndinayesa jinja: zinanunkhira tiyi wa odwala chimfine. Utomoni wa bulugamu: chipatala. Ndinayesanso khungwa lina limene sindilitchula, chifukwa galu ananditsatira mpaka kusukulu.

Lero ndatsegula kabotolo kamene ndinakaiwala kuseri kwa mabuku. Mu Ogasiti ndinanyika m'mafuta a mpendadzuwa masamba a fodya wa bale otsala pa belo lomaliza, aja ofiirira bwino. Dontho limodzi m'mafuta otcheza. Ndimu lakhala pansi. Lavula nsapato. Mpaka dzuwa kulowa kansalu kamene ndinadonthezerapo kanali kakununkhirabe: pamwamba ndimu, pansi china chotsekemera, ngati uchi ndi udzu wouma.

Chinthu chabwino koposa chimene ndapangapo, ndipo munthu amene ndimafuna kumupangira sangachifune. Botolo lachitatu. Ndalibweza kuseri kwa mabuku.

Loweruka, 5 Okutobala

Lolemba Pempho ayamba kubindikira. Lamulo la azakhali: mkwatibwi akhale m'nyumba masabata awiri, osalima, osatunga, osaona dzuwa, kuti pa tsikulo adzawale. Amudzoza m'mawa uliwonse ndi manja awo.

Ndawapatsa mabotolo awiri aja, onse nditasungunula m'mafuta a mpendadzuwa. Otcheza a pakhungu. Ofinya a papilo ndi pansalu basi.

Ndipo pakamwa panga pachita zake. M'malo mongonena, ndawakambira kuti kalekale Ndimu ndi Dzuwa anali pa mitala kwa mwamuna mmodzi. Dzuwa mkazi wamkulu, Ndimu wamng'ono, wonunkhira, wokondedwa. Chiyambire pamenepo akakumana pathupi la munthu amagwirana pakhosi, ndipo khungu ndilo mphasa yomenyeranapo. Azakhali aseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. "Dominic iwe, unabadwa ndi bodza m'kamwa ngati mwana wobadwa ndi mano."

Anunkhiza onse awiri. Ofinya: "Awa ndiye mafuta." Otcheza: "Awa ndi madzi otsukira mbale."

Ndabwereza kuti ofinya ndi dzuwa sizionana. Ati, "Nanga dzuwalo lilowa bwanji kuchipinda? Lili ndi kiyi?"

Ndaona kuti mfundo yawo ndi yomveka. Ndaseka nawo. Ndawasiyira onse awiri.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Nyumba yonse ndimu. Fungo likutuluka pansi pa chitseko cha Pempho ngati mphaka. Mabuku amati fungo limeneli limapeputsa mtima. Sindinayesepo mtima pa sikelo, koma Ababa aimba nyimbo ya kwaya akumeta ndevu, chinthu chimene sanachite chimwalirire Amayi. Mwina ndi mandimu. Mwina ndi mkamwini wa pa malipiro a boma.

Wobindikira wathu sakubindikira bwino. Thupi lili m'chipinda, mutu uli kudambo. Nazale ya fodya anafesa ndi iye mu Sepitembala, chifukwa dzanja la Ababa layamba kunjenjemera ndipo mbewu ya fodya ndi fumbi lenileni. Tsopano akulamula ali pawindo ngati woyang'anira esiteti. Udzu wophimba mabedi aupungula? Mphepo wathirira m'mawa? Wathirira kapena wangowaza?

Mphepo ndi waganyu wathu, bambo wa ana ake, wamphamvu, koma dzina linamutsata.

Ine ndayankha pawindo kuti mbande zapereka moni, zikuti zidzabwera ku ukwati. Wati, "Achimwene, ndikufunsa zenizeni."

Ndaganiza za funso limeneli m'kalasi. Zenizeni. Ana a Fomu 3 amadziwa nkhani zanga zonse, koma theka sadziwa kulemba yankho la mayeso.

Lachinayi, 10 Okutobala

Ababa ku boma, kukalipira mipando. Azakhali kuchigayo. Ine kusukulu. Mphepo ku maliro ku Njombwa. Akuti anatsanzika, koma sitikudziwa kuti anatsanzika kwa yani.

Mayi wina wochokera kudambo anaima pawindo n'kunena kuti nazale ya Ababa, a Yobe, yagona, mbande zafota ngati masamba ofutsa. Udzu anali ataupungula dzana. Dzuwa la mwezi uno silikambirana ndi mbande.

Pempho sanadikire munthu. Chitenje m'chifuwa, mapewa pamtunda, makeni awiri m'manja. Chitsime, mabedi, chitsime, mabedi, usana wonse.

Ndapeza makeni ali onyowa pakhonde, iye atabwerera kale m'chipinda ngati sanatuluke. Azakhali akukalipa za mwambo, kuti mkwatibwi wada. Ine ndangofunsa kuti m'mawa anamudzoza botolo liti.

Azakhali ayang'ana kudenga.

Ndati Pempho asambe ndi sopo msanga, khosi, mapewa, mikono. Ndalankhula ndi chitseko. Chitseko chayankha: "Musadandaule achimwene, sindikumva kanthu."

Lero sangamve. Zimenezi zimabwera mawa kapena mkuja, ngati ngongole ya feteleza.

Loweruka, 12 Okutobala

Matuza. Paphewa lamanzere, kumbuyo kwa khosi, pamikono. Dzulo kunali kufiira ndi kuwotcha, lero matuza odzaza madzi.

Kuchipatala pa kabaza wa njinga yamoto, atafunda nsalu mutu wonse. Adokotala apereka mafuta oziziritsa. Osaphulitsa, osakanda, osaonetsa dzuwa. Zilonda zipola msanga, koma madontho akuda atsala miyezi. Afunsa kuti mafutawo anapanga ndani. Azakhali, mokhulupirika: "Mwana wathu, mphunzitsi wa sayansi." Adokotala andiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Kumudzi zafika kale poti ndi mankhwala, ati mtsikana wina amene Mwavi anamusiya watumiza. Ndayenda khomo ndi khomo kunena kuti ndi mandimu ndi dzuwa. Akugwedeza mitu mwaulemu. Ndani angakhulupirire munthu wa Ndimu ndi Dzuwa pa mitala? Ya ufiti ikumveka yoona kuposa yanga.

Azakhali sakudya. Akuti manja awo ndi amene awononga mwana amene anamulera. Ndawauza kuti iwo anali ndi mfundo: m'chipinda dzuwa silinalowe. Inenso ndinachenjeza. Aliyense anachita mbali yake, ndipo munthu yekhayo amene khungu ndi lake sanauzidwe kanthu.

Madzulo, kuseri kwa chitseko, Pempho wanena yekha osafunsidwa: "Mukanandiuza, ndikanapitabe. Koma ndikanavala malaya a Ababa."

Basi. Malaya a Ababa. Chiganizo chimodzi chopanda mitala chikanakwana.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Matuza aphwa. Pamene panali matuza pada, ndipo kudako kuli ndi maonekedwe. Azakhali ndi amene andiuza: zala. Zinayi paphewa lamanzere, chala chachikulu chakumbuyo kwa khosi, mizere itatsika pamkono mmene mafuta anayenderera. Anaikapo dzanja lawo, linakwana ndendende.

Anthu amajambulitsa zithunzi za ukwati pa tsiku la ukwati. Ife dzuwa latijambulira kale, ulele.

Ndalemba nthabwala imeneyi ndipo sindinaseke.

Diresi lobwereka lafika. Mapewa pamtunda, monga anasankhira mwini wake mu Julayi. Telala wa pa Wimbe akuti atha kusoka kajekete koyera kophimba, tikamulipira lero. Ndalipira ndi ndalama ya a Uthman ija ndi ina ya nsapato zanga. Ndivala zakale, palibe amayang'ana mapazi a mlongo wa mkwatibwi.

Pempho sakudya bwino. Wauza azakhali kuti mwina ukwati usunthidwe, adzakwatiwe zikatha. Mipando yalipiridwa, mbuzi zagulidwa, a Lusiya ndi gulu lawo afika Lachisanu. Koma si za mipando. Anafuna kukaima pamaso pa mayi uja wopanda chizindikiro chilichonse cha fodya, ndipo fodya wamusindikiza chidindo paphewa.

Ababa lero pobwera kudambo aima pawindo la Pempho, chipewa m'manja. "Mbande zonse zadzuka, mama." Atero n'kupita kukasamba. Kwa a Yobe amenewo ndi mawu a chaka chonse.

Popanda nazale ija, chaka chamawa bwenzi tilibe fodya. Aliyense m'nyumba muno akudziwa. Palibe akudziwa kuti azinene bwanji kwa munthu wa mapewa opsa.

Lachinayi, 17 Okutobala

Ndaswa mwambo. Ndagogoda kwa Pempho, ndalowa, ndakhala pansi pafupi ndi chitseko. Azakhali anatuluka kukaona nkhuku zimene sizinafune kuonedwa.

Ndinali ndisanaone. Zala zenizeni. Dzanja la munthu amene akukugwira paphewa kuti usagwe, kapena kuti usapite.

Ndalankhula ngati bolodi la m'kalasi. Zidzatha, koma osati Loweruka. Miyezi. Padzuwa azifunda. Asadzolepo chilichonse cha mandimu, ngakhale otcheza, mpaka khungu litakhwima. Osayesa mafuta oyeretsa khungu a pamsika. Ndipo kulakwa ndi kwanga, chifukwa ndinasandutsa chenjezo kukhala nthabwala, n'kulipereka kwa munthu wina.

Wati, "Lero mwalankhula ngati munthu."

Mwavi akudziwa. Anamutumizira chithunzi pafoni dzulo, atalimba mtima. Yankho lake wandionetsa: "Ndiye kuti azakhali asayina kale. Ine ndidzasayina Loweruka." Mnyamata ameneyu ndimamuona ngati wozizira. Ndasintha maganizo pang'ono.

Koma nkhawa si Mwavi, tonse tikudziwa.

Ndinatenga botolo lachitatu. Sindikudziwa chifukwa chake; mwina poti ndinalibe china chopereka. Ndanena zimene zilimo ndisanatsegule: mandimu otcheza a mitengo ya Amayi, mafuta a mpendadzuwa, ndi fodya wa belo lomaliza. Fodya, ndabwereza, kuti asadzati sindinanene. La pansalu, osati pakhungu.

Wanunkhiza nthawi yaitali, maso otseka. "Amayi akamachokera kudambo nthawi yosankha fodya," watero. "Atathyola mandimu a m'phala."

Ine sindinaliganizire zimenezo. Ndinkayesa ndapeka fungo latsopano. Kani ndangokumbukira.

Sananene kuti alifuna kapena ayi. Walisunga pansi pa pilo. Kajekete kafika, kali pa msomali.

Lamulungu, 20 Okutobala

Mipando abwera kudzatenga. Pabwalo mafupa a mbuzi ndi mapepala a maswiti. Mawu anga atha.

Kajekete kali pa msomali pomwe paja.

Dzulo potuluka m'nyumba Pempho anafunda nsalu yopyapyala, azakhali atamugwirira ambulera ngati akuperekeza bishopu. Atalowa m'tchalitchi nsalu ija anaichotsa yekha n'kuwapatsa. Mabenchi akumbuyo ananong'ona. Azakhali analira kuyambira nyimbo yoyamba, ndipo sindikudziwa ngati ankalirira mwana kapena siginecha yawo.

Podutsa pa benchi yanga ndinalimva fungo lija. M'mphepete mwa velo. Ndimu patsogolo, mnzake uja pambuyo, osathamanga.

Kuholo, nthawi yolandira mkwatibwi ku banja, a Lusiya anabwera ndi chipewa chachikulu ngati lichero. Anatambasula manja, anaona phewa, manja anaima m'malere. Kenaka anamukumbatirabe, mosamala, ndipo ndinaona mphuno yawo ikugwira ntchito. Mphuno yomwe ija. Anabwereranso kachiwiri.

"Pefyumu ameneyu mwagula kuti?"

Ndinali pafupi, ndipo Mulungu andikhululukire, nkhani inali itafika kale pa lilime: sitolo ina ya ku Dubai, Mwarabu wa diso limodzi. Pempho anandiposa.

"Ndi mandimu a Amayi ndi fodya wa Ababa. Achimwene ndi amene anapanga." Anagwira paphewa. "Izinso ndi za fodya. Ndinkathirira nazale."

Sananong'one. Mnzawo wa pa chinkhoswe uja anamva, ndipo anayamba kufunafuna chinachake m'chikwama.

A Lusiya sanapepese, si anthu opepesa. Anangokweza velo pamene linkakhudza chilonda, n'kulikonza kuti lisakhule. "Ku Lilongwe kulinso dzuwa," anatero. "Uzifunda." Kaya ndi chikondi, kaya ndi lamulo. Pempho adzadziwa yekha, ndipo sindikuganiza kuti adzafunanso azakhali omulankhulira.

M'mawa uno, galimoto isananyamuke, ankhoswe a kuchimuna anandikokera kuseri kwa chigafa. Mayi a Mwavi akufuna kabotolo kamodzi. Koma ndisalembepo zimene zilimo.

Ndilembapo. Zonse, ndi malembo akuluakulu, ndi za dzuwa zomwe.

M'chipinda mwa Pempho mukadali fungo. Ababa alowamo kawiri kukafuna chinthu chimene sakuchitchula. Azakhali atenga botolo la ofinya, akuti akalitaya kuchimbudzi. Ndawalanda, mafuta alibe mlandu.

Mphepo sanabwerebe. Mbande zatsala pang'ono kuti ziwokedwe, mvula ikangogwa. Ababa akuitana kudambo. Makeni aja tsopano ndi anga, ndipo m'mawa ndinagwira mandimu.

Sopo kaye. Malaya a manja aatali ali kuti?